Mkazi Mnzanga Wofiira

Aliyense akaiona galimoto ya kwathu, funso lake limakhala lomwelo: "Amayi, imeneyi inadya zingati?" Ine ndimangoseka. Zingati za chiyani? Ndalama za dziko lino zinasintha nkhope kangapo galimotoyo isanayende n'komwe. Mukafuna mtengo wake, khalani pa benchipo ndikuuzeni, koma musandidule mawu. Ndine Msena wa ku Chikwawa ine, ndikayamba nkhani sinditsikira panjira.

Dzina langa ndine Monika, akazi awo a Januario, amakanika aja a kuno ku Chilomoni, kumtunda kwa msika. Tinabwera m'tauni muno titangokwatirana kumene, pamwamba pa lole ya thonje, katundu wathu yense ali mphasa, poto ndi sutikesi ya malata. Amuna anga anapeza ntchito pa galaja ya kampani ina ya mathiraki ku Makata. Bwana wawo anali mzungu wamtali wotchedwa Hawkins, ndipo tsoka lonseli anatibweretsera ndi iyeyo.

Mzunguyo anaitanitsa galimoto ya m'mabokosi kuchokera ku Joni. Ee, m'mabokosi, musandiyang'ane choncho. Thupi lake padera, lopepuka ngati beseni la pulasitiki, zitseko padera, magalasi padera, mipando iwiri, timabawuti m'timatumba. Zonsezo zoti umange wekha pa chasisi cha Vokisi yakale ija yooneka ngati kamba. Akuti ukamaliza imafanana ndi galimoto za mpikisano za kwawoko, zopanda denga, zimene anthu olemera amayendera tsitsi lili petupetu. Loweruka lililonse amuna anga ankapita ku Namiwawa kukathandiza bwanayo kumanga. Ankabwerako akununkha girisi, nsima n'kumazizira pa tebulo iwo ali kalikiliki kundijambulira galimotoyo ndi chala pansi.

Chaka cha matipate a Hawkins anapakira kubwerera kwawo, galimoto isanafike ndi pakati pomwe. Anaitana amuna anga n'kuwauza kuti asankhe chinthu chimodzi m'nyumbamo, chikhale chowatsanzikira. M'nyumba mmene muja munali firiji ya zitseko ziwiri! Ine ndinali nditasesa kale pakona poti idzakhale, m'mutu ndikugulitsa kale mafirizesi kwa ana a sukulu.

Lole inabwera masana, n'kulowa mpaka pansi pa mango wathu uja. Nthawi imeneyo Chilomoni anali ndi malo, abale. Ukakhala pakhonde pathu unkaona Michiru yense kuyambira kumapazi, minda ya chimanga ili mbali zonse, anyani akutsika kudzaba mondokwa ife n'kumawathamangitsa ndi zitini. Mnzako wa nyumba yoyandikana unkachita kumukuwira kuti akumve. Ndinatuluka ndi mwana wathu Dennis kumbuyo, nthungululu ili kale pakamwa. Ndikuona anyamata akutsitsa mabokosi, kenako chinthu chotuwa chopanda matayala.

"Bambo a Dennis, firiji ili kuti?"

"Mayi a Dennis, firiji aliyense angagule. Koma ichi, m'Malawi muno mulibe chinzake."

"Ndiye tizidya chimenechi?"

Anandigwira dzanja anthu akuona, opanda ndi manyazi omwe. "Ikadzatha ndidzakukwezani. Tidzatsika nayo Thabwa, inu muli pambali pangapa, mpango ukuuluka. Anthu a kwanu pa Dyeratu adzasiya malonda n'kuimirira kuti ationere. Munakwera phiri lija pa thonje ngati katundu, mudzalitsika ngati dona."

Ndinawalalatira mpaka dzuwa kupendeka. Koma ndikuuzeni zoona, pakamwa pankatukwana, mumtima ndinali nditakwera kale.

Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala pa mitala. Ife ndife Akatolika, ukwati wathu unadalitsidwa pa guwa, koma mkazi mnzanga ndinali naye, atakhala phee pa njerwa pansi pa mango, atafunda tenti. Ndipo anali wadyera! Anadya mbuzi zathu zimene tinasiya kumudzi. Anadya njinga. Anadya wailesi ya makaseti imene tinkavinira pa Khirisimasi. Anadya Malamulungu onse, chifukwa tikangochoka ku Misa amuna anga ankavula jekete n'kulowa pansi pake, ine n'kumacheza ndi mapazi awo. Mwezi ukatha ankapita ku msika wa Ndirande, kumene amati ngakhale zipangizo za ndege ungazipeze, n'kubwerako ndi kachitsulo kokulunga m'nyuzipepala ngati ndi nyama. Ana awiri, Dennis ndi mlongo wake Mervis, anakula akudziwa kuti sipanala ya adadi saseweretsa.

Chimene mzungu uja sanatiuze n'choti m'mabokosimo munalibe injini. Itapezeka injini kwa mmwenye wina ku Limbe, amuna anga anagulitsa mbali ya kutsogolo ya puloti yathu, ya kumsewu, kwa a Hamudi, atelala ochokera ku Mangochi. Tsiku lodula malire anatenga chingwe, n'kuyeza m'mimba mwa galimoto, n'kumanga mfundo. Anakayala chingwecho m'mphepete mwa malowo.

"A Hamudi, mangani paliponse, koma mpata uwu wokha musaukhudze. Ndi njira ya galimoto."

A Hamudi anatembenuka kuyang'ana galimoto yonenedwayo. Pa mpando wa dalaivala panali thadzi likufungatira mazira. Anakanda ndevu n'kunena kuti, "Inshallah, achimwene." Koma pangano analisunga. Anamanga mpanda wawo motsatira chingwe, ndipo mbali inayo a nyumba yoyandikana nawonso anamanga wawo. Mpata unatsala pakati, kuchokera pa mango mpaka kumsewu.

Kenako kampani ija inatsekedwa. Amuna anga anabwera ndi ovolosi m'jumbo, n'kukhala pakhonde. Maganyu okonza magalimoto ankapezeka mwa apo ndi apo, koma ana ankafuna fizi, m'mimba namo simudikira. Ndinatenga thumba, n'kuliyala pakamwa pa mpata uja, n'kuikapo milu ya tomato. Thumba linabala benchi. Benchi linabala kashedi ka mapepala. Titaona kuti akuba ndi mvula atitopetsa, tinagwirizana zomanga okala ya njerwa, ndipo malo oyang'ana kumsewu amene tinatsala nawo anali omwewo basi.

Njerwa zake anayala ndi manja awo amuna anga. Anasiya kanjira m'mbali koti munthu adutse chammbali atasenza ndowa. Ine ndinkadziwa chimene tikutseka, iwonso ankadziwa, koma panalibe anatchula. Atamaliza anatenga chingwe cha mfundo chija n'kukachikoleka pa msomali m'chipinda. Anangoti, "Ikadzatha tidzaona."

Iii, okala yanga! Ndinaipenta bulu, pamwamba n'kulembetsa kuti Pang'onopang'ono. Munali fungo la sopo, mabanzi ndi parafini, moti ngakhale lero ndikatseka maso ndimalimva. Ndinkagulitsa shuga wa m'timapepala, mafuta oyeza pa kabotolo, makandulo, machesi, chingambwe. Amayi a mumphakati mwathu ankatsamira pawindo lake n'kundiuza zonse za m'Chilomoni, za amene wathawidwa ndi za amene watenga pathupi. Okala imeneyo inaphunzitsa Dennis mpaka kukhala dalaivala wa mathiraki a ku Beira, inaphunzitsa Mervis mpaka unamwino. Ndipo firiji ndinadzagula ndekha, ya zitseko ziwiri, n'kuiimika mmenemo. Tsiku limenelo ndinadutsa pa mango ndikuyenda monyang'wa kuti mkazi mnzanga aone.

Zaka zinapita, nyumba zinamerana mpaka Michiru anatsala nsonga yokha pamwamba pa malata a anthu. Galimoto inkakula pang'onopang'ono ngati mwana wonyentchera. Chaka china matayala, chaka china mawaya a magetsi, chaka china osaigwira n'komwe.

Chaka chatha ndinayamba kuona zachilendo. Amuna anga ankafufuza sipanala ndi manja, ili poteropo. Anathira mchere mu tiyi. Tsiku lina anapereka moni kwa tenti imene ndinayanika pa chingwe. Ndinaseka mpaka misozi, koma Mervis atamva sanaseke. Anawatengera ku chipatala cha maso. Adokotala ananena mosabisa kuti shuga wadya maso, lamanzere lapita kale, lamanja likutsekeka, ndipo kulibweza sikutheka. Anati mwina lifika dzinja, mwina ayi.

Titafika kunyumba sanalowe m'nyumba. Anavula jekete n'kulowa pansi pa galimoto.

Apa ndiye ndinasiya kulalata. Dennis anatenga holide, n'kubwera ndi zipangizo zimene anagula m'maulendo ake. Bambo ankagwira ndi zala n'kumanena, mwana n'kumamanga. Anaipopera penti yofiira ngati tomato wakupsa, ndipo nditaiona itavula tenti ndinachita nsanje yeniyeni. Inali yokongola, mfiti imeneyi. Yaifupi, yosalala, nyali zake zili tong'o.

Loweruka lina m'mawa ndili mu okala ndinangomva chinthu chikutsokomola kuseri, kenako kubangula. Mabotolo ananjenjemera pa shelefu. Nkhuku zinabalalika, agalu a m'dera lonse anayamba kuuwa. Ndinathamanga kudzera m'kanjira kaja, ndipo ndinapezeka ndikuimba nthungululu ndisanakumbuke kuti ameneyu ndi mdani wanga. Anthu anadzaza bwalo, ena pamwamba pa mipanda. Amuna anga anali pa chiwongolero, akuseka ngati tsiku la ukwati wathu.

Injini itazima, wina anakuwa kuti, "Itulutseni tiione pamsewu!"

Maso onse anatembenukira ku khoma la kumbuyo kwa okala yanga, ndi kanjira kodutsa munthu mmodzi.

Nzeru zinayamba kugwa ngati matalala. Wina akuti tiitane chigalimoto chonyamula makontena chiidutsitse pamwamba pa madenga. Wina akuti tiipendeke chammbali n'kuinyamula pa mapewa ngati bokosi la maliro. Wina akuti aimasulenso yonse akaimangire kumsewu. Kumasulanso! Ndi maso ati? Amuna anga anatsika, n'kupukuta manja pa kansanza.

"Zakwana, abale. Ndaimva ikulira, basi. Okala ndi mphika wathu, ndipo munthu saswa mphika chifukwa cha chidole."

Anthu anawayamikira kuti ayankhula zanzeru, n'kubalalika. Inenso ndinapuma, ndisaname. Ndinabwerera kukagulitsa.

Masiku otsatira ankati akamwa tiyi, n'kukakhala m'galimotomo. Ankailiza, n'kuisuntha kuchoka pa mango kufika pa khoma la okala, n'kuibwezanso chambuyo. Ulendo wake wonse unali umenewo. Tsiku lina masana ndinapita kukawaitana kuti adzadye. Ndinaima kutsogolo kwenikweni kwa galimoto, nditavala chitenje chachikasu choti ngakhale wa pa phiri angachione. Sanandione. Injini inali yozima, manja ali pa chiwongolero, akuchipinda pang'onopang'ono, ndipo ankayankhula ndi mpando wopanda munthu.

"Gwirani mpango, mayi a Dennis. Tayamba kutsika."

Mtima unandipweteka, abale, kupweteka kwenikweni, ngati wina waufinya. Ndinabwerera chambuyo mwakachetechete, n'kukalowa mu okala, n'kukhala pa kireti. Kasitomala wina anagogoda pawindo mpaka kutopa.

M'mawa mwake ndinayamba kututa katundu. Shuga, sopo, mabanzi, zonse pabalaza. Dennis ndi anyamata a a Hamudi ananyamula firiji. Amayi a mumphakati anafika akuthamanga.

"Mayi a Dennis, mwapenga? Bambo akudwala, inu mukugumula chodyera? Mudzadya chiyani?"

"Ndinayamba ndi tomato pa thumba. Thumbalo likadalipo."

Anyamata atazula malata, ndinabwereka hamala yaikulu kwa a Hamudi. Dennis anafuna kundilanda, ndinamukankha. Khoma limeneli linandidyetsa ine, woyamba kulimenya ndikhale ine. Ndinamenya pa dzina lenilenilo, Pang'onopang'ono, ndikulira kwinaku ndikutukwana mzungu uja kulikonse kumene ali, kaya ali moyo kaya anafa.

Amuna anga anatuluka akupapasa khoma la nyumba.

"Chikugumuka n'chiyani kumeneko?"

"Njira ya galimoto ikutseguka. Chokanipo apo, njerwa zingakugwereni."

Kenako anakhala pansi, pa dothi penipeni, munthu wamkulu, n'kugwira mutu. "Monika," anatero. "Monika iwe." Chibadwire cha Dennis, amuna anga anali asananditchulepo dzina langa.

Titachotsa zigumukire tinaikankha. Inadutsa pakati pa mipanda iwiri ija, mbali iliyonse kutsala malo olowa chala. A Hamudi ankayenda patsogolo akuuza aliyense kuti, "Mwaona? Chingwe chija ine sindinadyeko ngakhale pang'ono!"

Pamsewu waukulu sikanayenda. Mapepala inalibe, ndipo oiyendetsawo ndi amenewo, maso atatha. Choncho Lamulungu titatuluka Misa yachiwiri, anyamata anaikankhira ku bwalo la mpira la pasukulu. Chilomoni yense anatsatira, amayi akadali m'mayunifolomu a kutchalitchi. Ine ndinavala chilundu changa chatsopano ndi mpango wa silika umene Mervis anandigulira.

Pabwalopo amuna anga anagwira chitseko cha dalaivala, n'kuima. Anatembenuza nkhope uku ndi uku, akuphethira.

"Mayi a Dennis," anatero motsitsa mawu, "kwerani inu, mwana akuyendetseni. Ine ndikungoona utsi wokhawokha."

Mipando ndi iwiri, kumbukirani. Dennis anali atatambasula kale dzanja kuti alandire kiyi. Magazi anandithamangira kumutu.

"Ndinagumula okala yanga kuti andiyendetse Dennis? Dennis ndikhoza kukwera thiraki yake tsiku lililonse! Anandigwira dzanja pansi pa mango ndani? Khalani apo. Maso ndili nawo ine. Zaka zonsezi ndakhala ndikukuuzani kolowera inu osamva, lero mumva."

Anthu anaseka, iwonso anaseka, n'kulowa. Ine kulowa kwake kunali ntchito, chifukwa mpando wake uli pansi ngati ukukhala pa mphasa, ndipo mawondo anga si a mtsikana. Dennis anathamangitsa ana onse kuti aime kunja kwa mzere. Injini inabangula. Tinanyamuka mwadzidzidzi, mutu wanga n'kugunda kumbuyo.

"Kumanja! Kumanja, bambo inu, golo ilo! Eya. Wongolani. Wongolani, ndati! Tsopano kumanjanso."

Ankamva, abale. Mawu anga asanathe, manja achita kale. Tinazungulira kamodzi, kawiri, fumbi lili kobo kumbuyo kwathu, anthu akukuwa. Amuna anga anasintha giya, galimoto n'kuyamba kuyenda mofewa, mphepo ikundiwomba kumaso. Ndipo anafunsa, osatembenuka:

"Tili pati?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti tili pafupi ndi zimbudzi za sukulu. Ndinayang'ana nkhope yawo. Ndinameza mawuwo.

"Tadutsa pa Mpemba."

"Msanga chonchi? Ikuthamanga eti?"

"Ikuthamanga. Kumanja pang'ono. Apa ndi pa Chadzunda, amayi a tomato akutiloza."

"Asiyeni aloze."

"Madziabango uyu. Chepetsani, bambo a Dennis, tayamba kutsika. Kona iyi ndi yoopsa, kumanja, kumanjabe. Eya."

"Shire akuoneka?"

"Akuoneka. Uko pansi, akunyezimira. Minda ya nzimbe ili biriwiri mpaka kumene maso alekezera."

"Ndikumva kutentha kwa kwathu," anatero. Misozi inkatsika m'masaya mwawo, mphepo n'kumaikankhira kumakutu. "Gwirani mpango."

Ndinachedwa. Mphepo inauzula n'kupita nawo, imvi zanga zonse poyera, ine amene sindinatulukepo m'nyumba wopanda kanthu kumutu. Ndinakuwa kuti mpango wapita, iwo anaseka mpaka galimoto kupita mokhotakhota, ine n'kumakuwa kuti kumanzere, kumanzere, mupha anthu pa Thabwa! Tinawoloka mlatho wa Shire tikuseka choncho. Titangowoloka, injini inatsokomola kawiri, petulo wochepa amene tinathiramo n'kutha. Galimoto inayenda yokha pang'ono, n'kuima pakati pa bwalo.

"Tafika pa Dyeratu?"

Ndinayang'ana uku ndi uku. Amayi a mandasi anali atasiya mabeseni awo. Anyamata a kabaza anali atatsika pa njinga. A Hamudi anali atavula chipewa, akuchigwedeza m'mwamba.

"Tafika," ndinatero. "Onse asiya malonda. Aimirira, akutionerera."

Pamenepo pokha sindinaname.

Diso lija linatsekeka mvula yoyamba isanagwe. Galimoto ili pansi pa mango, ndimaipukuta ndine tsopano, poti wina angatani naye mkazi mnzake akakalamba. Ine ndinabwerera pa thumba la tomato pakamwa pa mpata, monga mwandipezeramu. Zimavuta, sindikubisirani, ndipo okala yanga ndimaisowa tsiku lililonse. Dennis akuti andimangire ina pomwepa, ine ndikuti ayi, afune malo kwina. Njira iyi inatsekedwapo kamodzi, zakwana.

Musaganize kuti mutu wa amuna anga unasokonekera. Akudziwa bwinobwino kuti linali bwalo la mpira, fumbi lake anatsokomola nalo sabata yathunthu. Koma mlendo akabwera n'kufunsa ngati galimotoyo inayendapo, amawongola msana n'kunena kuti, "Iyi? Inatsika Chikwawa iyi. Funsani mayi a Dennis, mpango wawo unatsala pa Thabwa."

Mpangowo mayi wina wa mumphakati anautola kuseri kwa golo, n'kuuchapa, n'kuusita, n'kubwera nawo kunyumba. Ndinauyang'ana, silika wabwinobwino, mphatso ya mwana wanga. Ndinamuuza kuti wasokoneza, ayese kufunsa ena. Wanga unatsala pa Thabwa.